Lamba Ndi Yemweyo, Ng'ombe Ndi Ina

Lachisanu, 18 Okutobala

Mvula. Kaya dzuwa tinalilakwira chiyani kuno ku Galloway. Bondo likupweteka.

A Ninian, amuna anga, abwera kuchokera kumsika wa ng'ombe chifuwa chili patsogolo ngati tambala. Agula ng'ombe yaikazi ndi kamwana kake. Osati m'bwalo la malonda ayi, kunja, kwa mkulu wina wa lole amene sitimudziwa ndi dzina lomwe. Akuti, "Ishbel, lamba ngati uyu sunamuonepo." Zoona. Ng'ombe yakuda bii, lamba woyera mbee kuzungulira mimba yonse, wopanda kadontho.

Koma miyendo, abale! Yaitali, yoonda. Ubweya wosalala ngati yameta. Bere ngati thumba la mbatata. Ndasisita pamutu: zipsera ziwiri pamene panali nyanga. Zathu za Galloway nazo zili ndi lamba woyera, koma zimabadwa zopanda nyanga, zazifupi, zojintcha, ubweya wa majasi awiri. Iyi ndi ya ku Holande, yamkaka. Ine ndinakulira pansi pa ng'ombe zokama kwa bambo anga, sindingasokonezeke.

Munthu wakalambira pa ng'ombe za nyama, zikho za chionetsero zadzaza kabati, lero wakagula mkaka. Ndangowapatsa supu.

Loweruka, 19 Okutobala

Maso a amuna anga atha. Basi, ndalemba. Amaona choyera pa chakuda, kwatha. Mwezi watha anakalipira mtolo wa udzu kuti uchoke pachipata, mpaka kuutukwana. Asanatero anagwetsa mpanda wa miyala ndi thirakitala, n'kunena kuti mpandawo unali wokhota kale.

Chondiwawa ndi ichi. Kale sankagula ng'ombe osaigwira, msana, nthiti, mutu. Tsopano manja amawabisa m'thumba, kuopa kuti anthu anena kuti akufufuza. Akanangoigwira kamodzi!

Elspeth, mwana wathu, anandiuza pa nkhani ya mpanda ija: "Mayi, chikachitikanso china, ng'ombe zonse zigulitsidwa, mubwera kudzakhala kutauni ku Dumfries." Kanyumba kosanja, pawindo n'kumaonera magalimoto. A Ninian mmenemo sangathe chaka. Adzangouma pampando. Ndikuopa, ndikuopa zedi.

Elspeth akubwera Lamlungu linalo. Ndipo ng'ombe amazidziwa kuposa mmene amamudziwira mwamuna wake.

Lolemba, 21 Okutobala

Mphepo yodula makutu. Zathu zili kuphiri, mvula ikungotsetsereka pa ubweya, zikudya zitsamba zimene mbuzi ingakane. Mlendoyu waima pachipata, njenjenje, akulira ngati basi yamusiya. Ndamupatsa dzina: Dona. Ndamulowetsa m'khola.

A Ninian akuti sanazolowere anzake. Eya, sanazolowere.

Bere latupa. Kamwana kayamwa mpaka kutsekula m'mimba, mkaka osatha. Akapanda kukamidwa adwala. Ndatenga ndowa mozemba, iwo ali kuphiri.

Ine amene ndinalumbira pa tsiku la ukwati kuti sindidzagwiranso bere la ng'ombe! Ndinasankha dala mwamuna wa ng'ombe za nyama, si nkhope yake inandikoka ayi. Onani lero. Zala zikuwawa. Ndowa yadzaza thoo. Ndiubisa kuti mkaka wonsewu?

Lachitatu, 23 Okutobala

Phala la mkaka. Mpunga wa mkaka. Supu naye ndamuthira mkaka. Mphaka sakuthanso kudumpha. A Ninian afunsa ngati mkaka watsika mtengo kusitolo.

Wull Hannay, mnansi wathu, pakamwa ngati wailesi, anadutsa masana. Kutsamira pakhomo la khola, kuyang'ana Dona, kuyang'ana ine. Kenako: "Ninian, nyama ya iyi mudzaimwera m'kapu?" A Ninian kungoseka, n'kundinong'oneza kuti nsanje imupha Wull.

Ndamuperekeza mpaka kumsewu. Ndamupatsa batala, ndamuuzanso kuti akakangotsegula pakamwa kumowa, mkazi wake adziwa za botolo limene limagona m'khola la nkhosa. Tamvana.

Denga la kukhitchini likudonthabe. Ndalama zokonzera dengalo ndi zimene zikundiyang'ana m'kholamo, zikubzikula.

Lachinayi, 24 Okutobala

Akuti mawa amusambitsa Dona ndi kumupesa, kuti Elspeth adzaone kuti bambo ake diso akadali nalo. Diso! Kupesa chiyani, poti ubweya wake ndi wa mbewa?

Ndati ndimusambitsa ndine. Akana. Ndati kukuzizira, adwala chifuwa. Akuti kuyambira liti ndimawadera nkhawa. Ndikanatha kuwauza zoona usiku uno patebulo. Ndatsegula pakamwa, chatuluka ndi "muonjezere mpunga".

Lachisanu, 25 Okutobala

Ndinaonera pawindo. Ndowa, sopo, chipeso. Dzanja lawo linatsika pamsana n'kuima. Linabwerera. Linatsata nthiti, miyendo, bere. Kenako pamutu, zala pa zipsera zija. Anaima choncho mpaka madzi anazizira.

Atalowa sanadye. Funso limodzi: "Unadziwa liti?" Ndati Dona asanatsike m'lole. Anangogwedeza mutu, n'kukakhala pafupi ndi kabati ya zikho.

Nthabwala zandithera. Ndalirira kubafa, mpope uli wotsegula.

Lamlungu, 27 Okutobala

Dzulo nyumba inali zii. Ndi galu yemwe.

Elspeth wafika ndi keke yogula. Asanavule jasi, molunjika kukhola. Kuyang'ana kamodzi kokha. "Adadi, ichi n'chiyani?"

Ndiye nkhalamba yanga, nkhope ili gwa ngati m'busa paguwa: "Ya ku Holande imeneyo, sukuona? Ndagulira mayi ako. Zaka zonsezi akhala akundilirira kuti anasowa kukama."

Ine! Kulirira kukama! Elspeth anatembenukira kwa ine. Ndati eya, ndinkachita kulota mawere usiku. Bodza pa Lamlungu, Mulungu andikhululukire, koma Iye ndi amene analenga ng'ombe ziwiri n'kuziveka lamba mmodzi.

Patebulo a Ninian anathira tiyi pambali pa kapu. Tonse tinaona, kupatula iwo. Elspeth anapukuta, n'kupaka batala wanga pa buledi, wambiri ngati akumanga nyumba.

Pochoka anandikokera kugalimoto, maso ali ofiira. "Ng'ombe yokama siisiyidwa ndi tsiku limodzi lomwe, eti mayi? Ndiye ku Dumfries simungapite. Mwachenjera nonse awiri." Koma makiyi a thirakitala wapita nawo. Ndipo Lachinayi akubwera kudzawatengera kwa dokotala wa maso, afune asafune.

Sitikusamuka. Malipiro ake ndi ine, m'mawa ndi madzulo, pansi pa Dona, mpaka imfa. Zala zanga, pepani.

Lolemba, 28 Okutobala

Ndadzuka, pabedi palibe munthu. Ndowa palibe. Ndathamanga ndi bondo lomweli.

Ndawapeza m'khola, pa kampando, chipumi atatsamiza pa lamba woyera uja. Akukoka ngati akuliza belu la tchalitchi. Mkaka wambiri uli m'nsapato, Dona akuwayang'ana ngati wakuba. Munthu woweruza pa zionetsero, chipewa chili m'ndowe!

Ndinati ndiseke. Iwo osatembenuka: "Usangoima pamenepo, iwe mayi, ndiphunzitse. Ntchito iyi siifuna maso."

Ndagwada, ndaika manja anga pamwamba pa awo. Osakoka, kufinya, chala ndi chala. Mkaka unayamba kulira m'ndowa, tsii, tsii. Akuti akuumva. Mvula inali ikugwabe, bondo lili pa simenti yozizira, koma sindinafune kudzuka.

Ndabwera kudzatereka madzi a tiyi. Akuitananso. Dona wamenya ndowa, ndipo mawu amene akutuluka m'kholamo sindingawalembe muno.