Achimwene Aphunzira Kutsika Phiri

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumeneko? Ife kuno ku Meluluca tilipo bwino. Chinangwa chabereka chaka chino, usipanso sunatikane. Denga la kukhitchini lija munkadandaula nalo tinalifolera, ngakhale mbuzi za anansi zikudyabe udzu wa m'mphepete.

Nkhani yaikulu ndi ya mwana wanu woyamba, achimwene a Barnaba. Mwana wawo wa ku Nampula anawatumizira karinya yakale, galimoto ija ya bodi kumbuyo, yoti azinyamulira nsomba. Ife tinasangalala chifukwa mdzukulu wanu Lusiya, mwana wanga uja, anali woyembekezera, ndipo anamwino anali atanena kuti mwana wagona molakwika, akachirire ku chipatala cha ku Metangula. Mbali yathu ino galimoto ina palibe.

Koma mukuwadziwa achimwene. Munkawauza kuti, "Iwe Barnaba, makutu akowo ndi okongoletsa mutu basi." Anangozungulira bwalo la mpira masiku ochepa n'kuti atha. Nditatchula za sukulu yoyendetsa galimoto anaseka mpaka kutsokomola. Akuti munthu amene wawongolera boti pa mwera kuyambira ali mnyamata sangaphunzitsidwe msewu, chinthu chosagwedezeka n'komwe.

Tsiku lina tinakwera ku Maniamba kukasinthanitsa usipa ndi chimanga. Kupita tinapita bwino. Pobwerera, titayamba kutsika phiri lija, ndinangomva injini yati zii. Ndinafunsa ngati yawonongeka. Iwo monyada anati, "Ndazimitsa ndine, mlongo. Tikayandikira gombe suja timazimitsa kuti mafuta asathe? Ifika yokha."

Inafikadi yokha, Amayi, koma osati kumene tinkapita. Anaponda mabuleki kangapo, kenaka mabulekiwo analimba ngati mwala. Galimoto inayamba kuthamanga, ine ndikuitana Yesu ndi inu nthawi imodzi. Mwamwayi panali nsungwi zambiri m'mbali mwa msewu ndipo tinakalowa mmenemo. Matumba a chimanga anatidumpha pamwamba. Achimwene anatuluka ndi chotupa pamphumi, ine bondo linandipweteka mpaka Pasaka. Lero timaseka, koma tsiku limenelo ndinaopa kwambiri, poti mbali inayo kunali phompho.

Titafika kunyumba ndinawauza maso ndi maso kuti Lusiya sakwera galimoto imeneyo mpaka atakaphunzira, bola ndimubereke kumsana. Anakwiya, sabata yonse osandipatsa moni ngakhale kutchalitchi. Koma Lusiya amamukonda ngati wawo, ndipo atamuona akuvutika kudzuka pamkeka, analongedza chikwama n'kukwera shapa, minibasi ya ku Lichinga ija.

Mukanawaona! Bambo wa imvi atakhala pabenchi ndi anyamata a msinkhu wa ana ake, akuloweza zikwangwani za pamsewu. Kumeneko n'kumene anamva kuti injini ikazima mabuleki amafa nayo, ndipo potsika phiri umaika giya yaing'ono kuti injiniyo izikugwira. Mayeso oyamba analephera, anaiwala kuyang'ana pagalasi. Achiwiri anakhoza, n'kubwera ndi karita yawo yoyendetsera galimoto atainyamula ngati Baibulo.

Tsopano tatopa nawo. Aliyense wa njinga yamoto akadutsa amamuimitsa n'kumufunsa chipewa. Anthu okhala pamwamba pa katundu amawatsitsa. Mowa salawa ngati mawa lake pali ulendo, zimene inu munalephera kuwaletsa moyo wanu wonse. Ndimakumbukira mmene munkauzira oyendetsa shapa kuti, "Bambo, pang'onopang'ono, Metangula sakuthawa." Mawu amenewo tsopano ali m'kamwa mwa mwana wanu.

Matenda a Lusiya anayamba m'mawa, mvula itagwa dzulo lake. Tinamugoneka kumbuyo pa matiresi, mutu wake pamiyendo panga. Akabuula, ine ndinkamenya denga la galimoto kuti achimwene afulumire. Iwo anangotulutsa mutu n'kuti, "Mlongo, gwira mwanayo, msewu undisiyire." Mumtima ndinawatukwana, ndisaname.

Titakhota pa kamtsinje kena, galimoto inaima. Madzi anali atadya theka la mlatho, ndipo dzenjelo silinkaoneka mpaka utafika pafupi. Achimwene anatsika, anayang'ana bwinobwino, n'kutiwolotsa mbali yotsalayo pang'onopang'ono. Kuyambira pamenepo sindinamenyenso denga.

Tinafika nthawi yabwino. Madokotala anachita opaleshoni, ndipo kunabadwa mtsikana wonenepa, wa mawu aakulu ngati anu. Nditatuluka kukauza achimwene, ndinawapeza atakhala pansi atatsamira tayala, misozi ili mbwee. Anati, "Ndikanapanda kupita ku Lichinga kuja, bwenzi lero tikukumba manda awiri." Ndinakhala nawo pansi pomwepo, tonse tikulira, anthu odutsa n'kumaganiza kuti kwagwa zovuta.

Mwanayo tamutcha Anesi, dzina lanu. Ndakusowani kwambiri, Amayi, makamaka tsiku lomusambitsa koyamba, poti manja anga sadziwa ngati anu. Akangolimba khosi tibwera naye kumanda kuti mudzamuone, ndipo ndidzalimirako udzu umene wamera kumutu kwanu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Marita