Dalitso Anawoloka Mtsinje

Amayi,

Kumeneko mukukhala bwanji? Ndine Lakisoni, mwana wanu woyamba. Ndikulemba ndili pabenchi la kushopu kuno ku Kalingalinga. Magetsi apita kuyambira m'mawa, makina owotcherera zitsulo ali zii, ndiye ndati m'malo mongoyang'ana msewu ndicheze nanu. Ndiyesetsa kulemba Chichewa chanu chija, osati Chinyanja cha m'tauni chimene munkati chimakuyabwani m'makutu.

Dzinja likubwerali ndi lachitatu chikuikireni ku Chingwere. Mdzukulu wanu Tiyamike anachira bwinobwino miyezi inayi yapitayo, mwana wamkazi. Tinamutcha Aginesi, dzina lanu. Chipumi ndi chanu ndithu, ndipo akakwiya amatseka diso limodzi monga munkachitira mukamva munthu akunama. Munda wanu wa ku Chongwe tinalima, koma mvula inadula chimanga chili m'chiuno, tinangotola zitsononkho zokhala ndi mano awiri atatu. Mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba ndiwo sunatitaye, unabereka mpaka nthambi ina kuthyoka. Mnzanu wa kukwaya, amake Jesi, maso anasiya kuona. Amafunsabe za inu ngati mwangopita kumsika.

Ndazungulira mokwanira. Munkati munthu akayamba kukufunsa za nkhuku ndi mbuzi, dziwa kuti nkhani imene wabwerera ndi yolemera. Amayi, mdzukulu wanu Dalitso kulibe. Patha chaka ndi miyezi isanu chichokereni pakhomo, ndipo miyezi isanu ndi iwiri yapitayi sitinamve mawu ake.

Mukudziwa mmene mwana uja anavutikira atamaliza sukulu. Makalata ofunsira ntchito anawamwaza tauni yonse, nsapato mpaka kutha. Mutapita inu anayamba maganyu onyamula mabuloko, masiku ena n'kumandithandiza kuno, koma ntchito ya mafelemu a zitseko inachepa moti sinkakwanira ngakhale ine ndekha. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, akugonabe m'kachipinda kanu kaja. Kenaka mnzake wina anamuonetsa pafoni kuti kudziko lina lozizira la azungu kuli nkhondo, ndipo akulandira amuna a dziko lililonse ofuna okha kulowa gulu la asilikali oyenda pansi. M'tauni munali kaofesi pamwamba pa sitolo komwe ankalemba maina.

Anandiuza pompano pashopu, ine ndikudula chitsulo. Anati, "Ba tate, si nchito ya ulonda iyayi, ni nkhondo. Koma nikankhala pano nizakalamba nikali kupempha ya sopo kwa imwe."

Amayi, sindinazimitse chodulira. Ndinachisiya chikulira kuti ndisayankhe. Nditamaliza chitsulocho ndinangoti amake tiwauza kuti ndi ntchito yolondera nyumba zosungira katundu. Bodzalo silinali lake, ndinalipanga ndine. Mpongozi wanu Esinati anamukazingira mtedza wodzaza chigubu, ine ndinamugulira chijasi cha salaula, pa zovala zakale zija, ndipo tonse awiri tinamuperekeza kubwalo la ndege, Esinati akuimba nyimbo yoyamika m'minibasi.

Akapeza netiweki ankatumiza mauthenga awiri a mawu pafoni. Ena anali a amake, onena za kuzizira ndi buledi wakuda wowawasa. Ena anali anga. Maina a malo akumeneko lilime langa linakana, ndiye ndinkangolemba kuseri kwa kalendala ya kushopu zimene wanena, kuti ndizidziwa pomwe ali.

Poyamba anali kumsasa m'nkhalango ya mitengo italiitali yowongoka, milungu itatu yokha, kuphunzira mfuti. Nsapato anamupatsa zazikulu, ankaikamo masokosi atatu. M'gulu lawo munali anthu a mitundu yambiri, akuda ndi oyera, osamvana chilankhulo. Cha mkulu wawo anangophunzirapo mawu anayi: tiyeni, imani, gonani pansi, thamangani. Anapezamo Mzambia mmodzi, Chanda wa ku komboni ya George, ndipo anasangalala ngati wapeza mbale wa bere limodzi.

Atachoka apo anayenda masiku awiri pasitima, kenaka pamalole, mpaka m'mudzi wopanda munthu, agalu okhaokha. Ankagona m'zipinda za pansi pa nyumba za eni, momwe eniwo anasiya mbatatesi ndi mabotolo a ndiwo zosunga. Anandiuza kuti poyamba ankachita manyazi kudya za anthu amene anathawa, koma njala inamuphunzitsa. Kuchoka m'mudzimo anawapititsa m'mizere ya mitengo yodutsa pakati pa minda, n'kuwauza kuti akumbe maenje okhalamo. Kumeneko ndiko anakutchulani. Anati dothi lake ndi lakuda bii, lonona, ndipo mpendadzuwa waumira m'munda mpaka pomwe maso alekezera popanda wokolola. Anati agogo akanaona akanalira, kenaka akanayamba kuthyola.

Ntchito yake inali kunyamula madzi ndi mabokosi a zipolopolo kupititsa kwa amene ali kutsogolo, wapansi, chifukwa galimoto ikangoonekera imawotchedwa. Ankanena za tindege tating'ono topanda munthu, tolira ngati njuchi, timene timakuona uli pansi pa mtengo n'kukutsata. Chisanu chitafika zala ziwiri za kuphazi zinada, koma sanamuchotse. Pamene anawabweza kumbuyo kukapuma milungu iwiri m'sukulu ina yopanda denga, mwa amuna makumi atatu amene anayambira limodzi kumsasa anatsala khumi ndi mmodzi. Milungu iwiri imeneyo ndiyo tinamuona nkhope pafoni. Anali ataonda, ndevu zili nyankhalala, koma anaseka ataona mimba ya Tiyamike, n'kumuuza kuti asabereke iye asanabwere. Esinati anafunsa chifukwa chake mlonda akusunga ndevu chotero. Ine ndinati ndi chisanu.

Kenaka anawasunthanso. Tauni ya mafakitale ogumuka, mwezi umodzi. Kubwerera ku mizere ya mitengo. Kutsikira kummwera. Kalendala inadzaza kuseri, ndinayamba kulemba m'mphepete mwa masiku. Mawu omaliza anali aafupi, akunong'ona: "Ba tate, mawa tiwoloka mtsinje. Mafoni batenga. Muuze ba mayo nili che bwino."

Ndinawauza amake kuti ali bwino. Ndinapitiriza kuwauza mwezi woyamba, wachiwiri, wachitatu. Ndinati kumeneko netiweki inawonongeka. Ndinapita kukaofesi kaja m'tauni, ndinapeza mukugulitsidwa mawigi, ndipo mtsikana wogulitsayo sankadziwa n'komwe kuti munali anthu ena kale. Ndinapita ku maofesi ena oyenera, anandilandira mwaulemu, analemba dzina lake ndi nambala yanga, anati akamva kanthu adzaimba. Sindiwaimba mlandu. Munthu anapita ndi miyendo yake, mwakachetechete, iwo akamufunafuna kuti?

Mwezi watha kasitomala wina wa ku George, akudikira geti lake, anatchula kuti kwawoko kwabwera mnyamata wochokera kunkhondo ya azungu. Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinauza Esinati kuti ndikukayeza mawindo. Ndinakwera maminibasi awiri, ndinafunsa pampopi wa madzi, azimayi anandilozera nyumba ya chitseko chobiriwira.

Chanda anali pampando panja, pafupi ndi beseni la zitumbuwa zimene amayi ake ankakazinga pomwepo kuti agulitse. Mwendo wamanzere unathera pabondo. Khutu lina silimva, ndiye anandiuza kuti ndikhale mbali ya kumanja. Nditatchula dzina langa anayang'ana manja anga, zipsera za moto zija, n'kunena kuti anandidziwa kale, Dalitso ankandifotokoza.

Amayi, munkatiuza za atate anu amene anapita kunkhondo ya azungu kalekale, inu musanabadwe, n'kuwoloka nyanja yaikulu. Munkati, "Atate anabwera, koma sanafike." Ndili mwana ndinkayesa mukusewera ndi mawu. Ndinawamvetsa tsiku limenelo ku George. Mnyamata uja ankalankhula nane, koma maso ake ankangothamangira kumwamba, ndipo njinga yamoto itadutsa kumsewu anagwira mpando ndi manja onse awiri.

Anandifotokozera pang'onopang'ono. Anawoloka m'bandakucha pa timabwato ta mphira, n'kulanda nyumba zingapo tsidya linalo. Anauzidwa kuti ena akubwera pambuyo pawo, koma sanabwere. Anakhala masiku asanu ndi anayi. Chakudya chinatha patapita masiku asanu. Tsiku lachisanu ndi chitatu Dalitso anatuluka ndi zigubu kukatunga madzi, kandege kaja kanamupeza, zitsulo zinamulowa m'ntchafu ndi m'mimba. Chanda ndi mnzake wina anamukokera m'chipinda cha pansi momwe munali kale ovulala anayi, n'kumumanga ndi nsalu zimene zinalipo. M'mawa mwake kunabwera lamulo loti abwerere. Mabwato anali ochepa, ankatenga okhawo otha kuthamanga mpaka kumadzi. Chanda mwendo wake unadukira pamphepete pa mtsinje pomwepo, anzake anamuponya m'bwato.

Ndinamufunsa ngati mwana wanga anali moyo pamene ankamusiya.

"Enze moyo, ba tate. Enze kukamba."

Ndinafunsa kuti ankati chiyani. Amayi ake anasiya kutembenuza zitumbuwa.

"Ananifunsa ngati tizabwelela. Ninamuuza ati ee."

Palibe anabwerera. Gulu lawo linatheratu pamenepo. Otsala ochepa anawagawa m'magulu ena, mkulu wawo anafera pamtsinje, ndipo dzina la gululo silikutchulidwanso. Ngakhale ndikanakhala ndi mapiko, kulibe khomo loti ndikagogode. Chanda anati mwina a mbali inayo anawapeza n'kuwatenga ukaidi, zimachitika. Koma ponena zimenezo ankayang'ana pansi. Potsanzikana anandigwira dzanja osafuna kulisiya. Ndinamuuza kuti alibe mlandu, ndipo ndinanena zoona. Wamlandu ndimamudziwa.

Ndinafika kunyumba dzuwa likadalipo. Esinati anali pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Ndinakhala pansi, osati pampando, ndipo ndinamuuza zonse, kuyambira tsiku la chodulira chija mpaka chipinda cha pansi tsidya la mtsinje. Sanalire. Anangofunsa funso limodzi: "Pamene ndinkakazinga mtedza uja, inu munkadziwa?" Ndinati inde. Anapitiriza kusankha nyemba mpaka kumaliza, anaziphika, anandipakulira. M'mawa mwake anatenga chitenje ndi Baibulo n'kupita kwa mkulu wake ku Mtendere. Ino ndi sabata yachinayi. Ndinapitako kawiri, amandipatsa moni ngati mlendo, amandipatsa madzi akumwa, kenaka amalowa m'nyumba. Tiyamike akuti amayi ake amakhala kuseri akumvetsera mawu aja a pafoni, a ulonda aja, onena za buledi wakuda.

Mukanakhalapo, Amayi, mwana uja sakanakwera ndege. Mukanakhala pakhomo ndi ndodo yanu, mukanang'amba mapepala, mukanandituma ine kukathyola mkwapulo wondikwapulira ndekha. Munkati njala ya pakhomo imakusiyira mafupa oti abale aike. Ine ndinaona mwana wamkulu akuchita manyazi kudya pambale yanga, ndipo mumtima ndinati mwina apite akayese. Ndinatopa kumuona atakhala. Ndalemba, muwerenge, chifukwa mawu amenewa sindinauzepo munthu wamoyo.

Tsopano abale agawikana. Amalume ake a Dalitso ndi akulu a mpingo akuti tichite mapemphero a maliro ngakhale popanda bokosi, kuti nyumba ipume ndipo Esinati alire poyera. Azakhali ake akuti kulira munthu amene sunamuone mtembo n'kumutsekera njira. Onse akuyang'ana ine kuti ndinene tsiku. Ine amene ndinalephera kunena mawu amodzi pamene ankafunika, lero akuti ndigamule.

Sabata yatha kunabwera anthu kudzagula chikwangwani cha pamanda a mbale wawo. Nditamaliza chawo, manja anapitiriza okha. Ndinadula chitsulo china, ndinachiwotcherera mwendo, ndinachipaka utoto wakuda, ndinalemba dzina la Dalitso ndi tsiku limene anabadwa, limene inu munamulandira m'manja mwanu. Pamzere wachiwiri burashi inaima. Sindikudziwa tsiku, sindikudziwa ngati lilipo. Ndachibisa kuseri kwa malata akale, chikuyang'ana kukhoma.

Ndiye ndikufunseni inu, poti kuno kulibenso wina womufunsa. Kodi wafika kumeneko? Ngati wafika, musamukalipire, mkwiyo wonse mundisungire ine. Mumukhazike pafupi, mumufunditse, anazizidwa nthawi yaitali. Mumuuze kuti mnzake uja sanamunamize dala, mwendo ndiwo unaduka. Ndipo ngati mungathe, mundidziwitse mwanjira iliyonse, ngakhale kutulo, ndikalembe mzere wotsalawo, ndikatenge amake ku Mtendere tidzalire limodzi. Ngati sanafike, musandiuze kanthu. Ndizidikira choncho.

Mvula isanayambe ndibwera ndi khasu kudzalambula pamanda panu, ndipo ndibwera ndi Aginesi wamng'ono kuti mumuone. Chikwangwanicho sindibwera nacho. Ndikulonjeza kuti sindichizika pambali panu mpaka inu mutanena.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale ndinakutayirani mdzukulu.

Ndine mwana wanu,
Lakisoni