Aperisi Anu Akudikira pa Tebulo

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Mvera tilipo, kungoti chifuwa cha amayi chikundidetsabe nkhawa.

Loweruka ndinayala tizidole tathu ta asilikali tija, tosewerera nkhondo zamakedzana, pa tebulo, Amakedoniya anga uku, Aperisi anu uko. Ndinaitana a Banda, mphunzitsi mnzanga, kuti atenge malo anu. Atangoona anati, "Aphunzitsi, a mpingo akamva adzati ndi zithumwa izi," n'kunyamuka tiyi asanamwe.

Ndinayesa kusewera ndekha, kumazungulira tebulo. Sizinatheke, chifukwa ndikaima mbali yanu ndimakhala ndikudziwa kale msampha umene ndatchera. Tizidoleto ndangotivundikira ndi nsalu kuopa fumbi.

Chonde mundiuze pa foni, apakavalo anu alowere kumanzere kapena kumanja? Sindiwakhudza mpaka muyankhe.

Ambuye akusungeni kumeneko.

Ine mng'ono wanu,
Yohane