Mphika wa mafuta a nsatsi

Lachiwiri, 7 Setembro 1971
Akuti pa 20 kamyau, lole ya atropa, asilikali a Apwitikizi aja, idzatisamutsa tonse, kukatitsekera ku aldeamento, mudzi wa waya uja. Ena akuti pa 25. Ena akuti bodza. Mutu wanga wazungulira.
Mkazi wanga Florinda mimba miyezi isanu ndi itatu, miyendo yotupa. Ku Zambia wapansi sangafike. Ngolo ilipo, ng'ombe za mlamu Silasi zilipo. Magudumu ndiwo akana. Ndachotsa marolamento awiri pa kamyau yakufa ya pamsewu wa Cassacatiza, timipira tachitsulo tozunguza gudumu. Dzimbiri lokhalokha, psuu.

Lachinayi, 9
Silasi akuti ndifinyire mandimu, mawa akhala atawala. Akudziwa chiyani iye, munthu wa khasu! A Zacarias amene anandiphunzitsa ntchito ya umakaniko ankati: "Mandimu ndi madzi a m'batire zimawalitsa lero, mawa chitsulo chathetheka. Dzimbiri ulinyengerere." Ndiye phulusa, mchenga wosefa, kenako kuviika m'mafuta. Parafini kulibe. Ndatenga mafuta a nsatsi amene Florinda anasungira mwana. Wangoti, "Mafuta a mwana mwadzoza chitsulo?"

Lamulungu, 12
Limodzi lamasuka, likuzungulira bwinobwino. Ndalimangirira kale pangolo. Linalo gwa. Ndalibweza mumphika, ndakwirira m'mbali mwa njira ya kudimba. Chitsulo m'nyumba masiku ano ndi mlandu. Atropa amati ukukonzera ankhondo a m'tchire, a m'tchire amati ukukonzera atropa. Ine ndikukonzera ndani? Mkazi wanga basi.
Kutchalitchi sindinamve kanthu.

Lachitatu, 15
Zachitikazi sindikuzimvetsa mpaka pano. Atropa aona dothi lofukulidwa, akuti mina, bomba lokwirira. Mudzi wonse kutigoneka chafufumimba padzuwa. Mmodzi kukwawa, kufukula ndi mpeni pang'onopang'ono, thukuta kamukamu. Watulutsa mphika wa Florinda.
Ndaimirira, ndati ngwanga. Mbama ziwiri. Kenako kabo, mkulu wawo, wapukuta rolamento pa buluku, walizunguza ndi chala. Ndiye limasuke lero! Waseka, wandiponyera. Akuti manja otere sakhala kumudzi, mawa ndikayambe ntchito ku kwartelo, kumsasa kwawo.
Ndikondwe? Ndilire? Rolamento ndapatsa Silasi. Ndamuonetsa kawiri kamangidwe kake, sindikudziwa ngati wamva.

Loweruka, 18, ku kwartelo
Kutuluka saloleza. Mayi wina wogulitsa nkhuni pageti wandinong'oneza kuti kwathu chitseko chili pululu, mikwingwirima ya ngolo yaloza kumpoto. Mikwingwirima iwiri, akuti, yowongoka. Ndiye kuti onse awiri akuzungulira. Ndalowa pansi pa galimoto kuti asandione nkhope.
Afika? Wachira? Mwamuna, mkazi? Mafuta omudzoza alibe.

Lolemba, 20
Kusamuka si lero. Akuti pa 25, chifukwa kamyau yosamutsira anthu yagwira dzimbiri m'magudumu. Ntchito yake andipatsa ine. Ine amene! Kumudzi kwatsala mabanja makumi atatu, ena akumanga katundu mwakachetechete, akungofuna masiku.
Kabo wandifunsa kuti ndikufuna chiyani, mafuta aja a kwanu? A Zacarias, mundikhululukire.
Ndapempha madzi a m'batire.