Ndinafufuta Kwanga Kokha

Lolemba, 4 Ogasiti

Ntchito yochepa. Nsapato imodzi yokha yosoka, nayonso yofunika kungoiika m'manda mwaulemu. Dzulo kutchalitchi anapemphera ndi asewere, bambo wa mnyamata amene akukwatira mwana wanga wotsiriza kumapeto kwa mwezi uno. Ndi mkulu wa mpingo, mano awo sindinawaonepo. Pemphero lawo silitha. Amati "mwachidule, Atate," kenako n'kuyambira kwa Adamu. Mawondo anga ananena ameni ine ndisananene.

Masana pabenchi ndinajambula mawu pa foni ndikuwayerekeza. Kachifuwa kawo kaja, kukoka mphuno, zonse. Ndinatumizira mnzanga Telala kuti aseke. Sanayankhe. Waulesi.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Sindinatumizire Telala. Ndinatumiza ku gulu la mpingo. Magalasi ndinali nditaiwala kunyumba, ndipo pa chithunzi chake Telala wavala zoyera ngati a kwaya.

Wandiuza ndi mayi wamakala, atagwira m'mimba ndi phwete. Thukuta mpaka m'sokosi. Ndinadinadina kuti ndifufute, foni n'kundipatsa mizere iwiri yachizungu kuti ndisankhe. Sukulu yanga inathera kupulaimale, ndiye ndinasankha waufupi. Uthenga unasowa. Ndinathokoza Ambuye, n'kugula tiyi.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Mwana wabwera kuchokera kuntchito osapereka moni. Akuti ndinafufuta mu foni yanga yokha. M'mafoni mwa anthu onse ndikadapemphera, ndipo poti kwanga uthengawo kulibe, palibenso podina. Ndiye kuti ndinangotsinzina n'kumati anthu sakundiona.

Ndinamuuza kuti chabwino n'chakuti tsopano mpingo wonse ukumvera pemphero mpaka kumapeto. Sanaseke. "Bambo, kwa inu zonse ndi nthabwala. Ukwati wanganso?" Mnyamatayo sakuyankha foni. Nsalu ya diresi Telala anadula kale.

Mayi a ana sakundilankhula. Mbale amangoiponya patsogolo panga ngati ya galu.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo. Abusa anapempha asewere kuti atsekere ndi pemphero. Asewere anapukusa mutu. Anawapemphanso. Osadzuka. Tchalitchi chonse zii. Wina anatsokomola, atsikana a kwaya n'kubisa nkhope m'mabuku, mapewa akugwedezeka.

Moyo wanga wonse ndakhala ndikufuna anthu aziseka. Lero ndimafuna pansi patseguke.

Pamaliro a mlongo wanga anapemphera ndi iwowa, mvula ikugwa, ambulera alibe. Sanafupikitse. Tsiku limenelo sindinaone kutalika.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Kuchokera kwa asewere kuli chete. Foni ikalira ndimaithamangira, ndikaona ndi uthenga wa mayunitsi. Ndadzibaya ndi singano pachala, magazi pa nsapato ya mwini. Telala akufunsa ngati apitirize diresi kapena ayambe waima. Ndamuuza asoke, koma pang'onopang'ono.

Mwana akungonyema chakudya n'kuchisiya.

Ndayesa kujambula mawu opepesa. Ndikamvetsera, ngakhale ine ndikumva ngati ndikuseka. Pakamwa panga panapotoka kalekale. Mayi a ana alankhula lero, koyamba: "Siyani kachinthu kanuko. Miyendo muli nayo."

Lachitatu, 13 Ogasiti

Ndinapita kwa asewere. Jekete, tayi, nsapato zopolisha. Anandikhazika pakhonde, osati m'nyumba. Ndinagwada, mawondo akulira ngati chitseko chakale. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu kuuma.

Kenako anandifunsa ngati anthu akhala akuwaseka zaka zonsezi. Ndinati ayi, wamisala ndine ndekha. Anatulutsa foni yawo n'kundionetsa pansi pa uthenga wanga. Tinkhope tachikasu toseka mpaka misozi, mzere wautali. Madikoni, a kwaya, mayi wamakala. Chala chawo chinaima pa kamodzi. Nambala ya akazi awo.

Sindinaseke. Mulungu ndi mboni, ndinadziluma lilime mpaka kulawa magazi. Nditayang'ana m'maso mwawo, kusekako kunathawa kokha.

Mnyamata wawo anamuletsa ndi iwowo kuyankha foni, kudikira aone ngati ndibwere ndi miyendo. Potsiriza anati: "Ukwati ndi wa ana, uchitika. Koma ine pagulu sindipempheranso. Tsiku limenelo mudzapemphera ndinu."

Ndinathokoza kwambiri. Mantha anandipeza ndili m'njira.

Loweruka, 16 Ogasiti

Mwana wayambanso kuimba pochapa. Mnyamata anabwera dzulo, moni wake wouma koma moni ndithu. Mayi a ana andiikira shuga mu tiyi.

Chibadwire sindinapempherepo pagulu. Ine ndikangoimirira, anthu amayamba kuseka ndisanatsegule pakamwa. Akadzaseka tsiku limenelo, mwana wanga atagwada kutsogolo ndi diresi loyera, asewere ali pampando woyamba?

Masana ndinatseka kanyumba ka nsapato kuti ndiyese. Chipewa pansi, maso otsinzina. Mawu anatuluka, koma a asewere, ndi kachifuwa komwe. Ndinayambiranso motsitsa: abusa. Ndinakweza pang'ono: mayi wamakala. Pakhosi panga pali mpingo wonse. Mawu anga olankhulira ndi Mulungu sindikuwapeza, ndipo Telala akuti diresi latha.