Mkaka Sutsuka Mapapo

Gulu: Kapembwa, Lubuto, Nkweto

Loweruka

[11:06] Kapembwa: ine nitric ndayenda naye durban mpaka kolwezi. ndinayamba ndi thanki yobwereka, lero ndili nazo naini. ku kitwe konse za asidi palibe angandiphunzitse. ndiye alamu mundimvere

[11:06] Kapembwa: video ya thanki yagwa pa msewu wa chingola ija ndaiona. wovula mask mkati mwa utsi wofiirira uja si inu?

[11:10] Nkweto: kkkk bwana wa mathanki wadzuka. mpweya unatha mu silinda, ndikanatani? moto tazimitsa

[11:10] Kapembwa: moto woyatsa nokha! utuchi anathira ndani?

[11:12] Nkweto: ine. dizilo akatayika timatero

[11:13] Kapembwa: [mawu 0:34] Dizilo? Nitric si dizilo, alamu. Akakumana ndi utuchi, nsanza kaya udzu, amayaka. Pamafunika mchenga wouma ndi laimu, inu mutaima kochokera mphepo. Ozimitsa moto athunthu kumuthirira mdani nkhuni!

[11:15] Nkweto: ndamwa mkaka malita awiri ngati a mu mgodi. ndili bho. zala zokha ndi zomwe zachita chikasu

[11:15] Kapembwa: mkaka wapita m'mimba, utsi uli m'mapapo. misewu yake ndi yosiyana. pitani kuchipatala pompano

[11:21] Lubuto: achimwene musakalipe. afika kunyumba, asamba, adya bwinobwino. akuti masana apita ku mpira

[11:22] Kapembwa: [mawu 0:51] Lubuto, mwamuna wakoyo asatuluke. Ku Walvis Bay mnzanga Shikongo anapuma utsi womwewu m'mawa. Masana tinadya naye nyama yootcha, akundiseka kuti ndine wamantha. Mmene kumacha, mapapo ake anali atadzaza madzi. Bokosi lake linakwera galimoto yanga. Utsi umenewu umayamba wakusiya uziseka.

[11:25] Nkweto: munthu amene ndinamusolola mu cab ya lole pa ngozi ya ku kapiri akulira mayo mayo, lero akundiphunzitsa ntchito kkkk

[11:25] Kapembwa: zaka zonsezi nyimbo yake yomweyo. ukwati kapiri, maliro kapiri. sekani, km kasekereni kuchipatala

[11:26] Nkweto: foni ndathimitsa. tionana mpira ukatha

[11:27] Kapembwa: alamu

[11:40] Kapembwa: NKWETO

[11:58] Kapembwa: ndili ku ndola, msonkhano ndausiya pakati. azungu awiri atsala ndi tiyi wawo. lubuto bisa makiyi a galimoto

[12:01] Lubuto: ndabisa mu ufa. akundilalatira kt ndimamvera inu kuposa iwo

[12:01] Kapembwa: alalate. wolalata ndi wamoyo

[13:34] Lubuto: ayamba kutsokomola. akuti ndi fumbi chabe, agoneko pang'ono

[13:34] Kapembwa: asagone chagada! akhale tsonga, asayendeyende

[13:49] Lubuto: achimwene milomo yawo yada. pachifuwa pakulira

[13:49] Lubuto: muli pati

[13:50] Lubuto: achimwene

[13:53] Kapembwa: tsegula geti

[14:31] Kapembwa: lubuto ukalowa uwauze adokotala mawu awa: nitric, utsi wofiirira, m'mawa. asamubweze ndi panado. ine ndikutsata anzake atatu omwe anali naye mu utsi muja, wina akuti ali ku bala akumwa mkaka nayenso

[16:12] Lubuto: awaika pa oxygen. adokotala akuti akanapita ku mpira bwenzi tikunena zina

[16:13] Kapembwa: atatu aja ndawatula. mmodzi ndachita kumunyamula ngati thumba la makala

[18:40] Kapembwa: kuli bwanji

[19:55] Kapembwa: lubuto

Lachiwiri

[09:18] Nkweto: alamu

[09:18] Kapembwa: ndani uyu? katswiri wa utuchi?

[09:24] Nkweto: kulemba kokha, kuyankhula sindingathe. mpira unatha bwanji

[09:24] Kapembwa: munagonja. ndikadali wokwiya, musandiseketse. mukatuluka ndibwera ku station kwanu ndi laimu ndi choko, nonse mukhale pansi

[09:31] Nkweto: zkm

[09:32] Kapembwa: zikomo wa chani? ngongole ya pa kapiri inali moyo umodzi. ndabweza moyo umodzi, atatu enawo ndi basela. dzina la kapiri ndisadzalimvenso