Nsapato Zopitira Kumanda

Okondedwa Achemwali,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko, inu, alamu ndi ana? Bondo la amayi lija likuti bwanji? M'kalata yanu yapita ija munati ayamba kuyendera ndodo, koma akukana kuti si yoyendera, ndi yoingitsira nkhuku. Ine kuno thupi lili bwino. Za mtima muweruza nokha mukafika kumapeto.

Ndiyambe ndi yoti museke, popeza zotsalazo zilibe poseka. Masabata atatu apitawo abusa aakulu anandipatsa mwayi wotsogolera pemphero m'tchalitchi. Ndinagwada kutsogolo, msana kwa anthu, n'kuyamba pemphero limene ndinalikonza masiku atatu, la mutu, thunthu ndi mchira monga anatiphunzitsira ku koleji. Ndili mkati ndinamva timaphokoso kumabenchi akutsogolo. Ndinati Mzimu wayamba ntchito, n'kukweza mawu. Osadziwa kuti nsapato yanga ya kumanja yayasamula, ndipo chidutswa cha katoni chimene ndinatsekera bowo chasuzumira kunja. Inali katoni ya sopo, zilembo zikuwerengeka bwinobwino. Lero mpingo wonse ukudziwa sopo amene m'busa wawo wamng'ono amasambira.

Munthu mmodzi yekha sanaseke. Ndi bambo wachikulire wosoka nsapato, anthu kuno amawatcha a Kanyundo. Amakhala pabenchi yoyamba chifukwa khutu limodzi linagona. Potuluka anandigwira dzanja, maso ali kumapazi kwanga, n'kunena kuti nsapatoyo sinafe, yangokomoka, ndipite nayo kwawo. Sindinapite. Manyazi a katoni analipo, koma panalinso manyazi ena aakulu.

Bambowa anali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana wa zaka makumi awiri, woimba kwaya, wogwira ntchito yosita zovala. Chaka chino anapezeka ndi pathupi, ndipo anakana kutchula mwamuna amene anamupatsa. Akulu a mpingo anagamula kuti aimitsidwe pa Mgonero. Ntchito yowerenga dzina lake pamaso pa anthu anaipereka kwa ine, ati ndili ndi mawu omveka mpaka kukhomo. Ndinaliwerengadi bwino, achemwali, osadodoma ndi chilembo chimodzi chomwe. Dzina linali limodzi lokha, ngakhale kuti pa maphunziro onse amene ndinachita sindinamvepo kuti pathupi munthu amadzipatsa yekha. A Kanyundo anali pabenchi yawo yomwe ija, khutu labwino litaloza kwa ine.

Woimitsidwa amalowa kalasi ya olapa, Lachinayi lililonse, maphunziro khumi ndi awiri, akamaliza amabwezedwa. Mphunzitsi wa kalasiyo ndine. Mtsikanayu sanajombepo. Ankabwera mapazi atatupa, atavala patapata, n'kukhala pakabenchi m'chipinda chosungiramo mabuku a nyimbo, mavesi onse ali pamtima. Nthawi zina ankandikonza ine ndikasokoneza chaputala. Anatsala ndi phunziro limodzi. Lachinayi lapitali ndinamutumizira uthenga kuti tidzakumane sabata inayo, chifukwa ndinali kumaliza pepala limene abusa oyesa akufuna ndisanadzozedwe. Mutu wa pepalalo ndi m'busa wabwino amene amasiya nkhosa zonse kukafuna imodzi yotayika. Ndinalemba masamba khumi ndi anayi.

Lolemba mtsikanayo wamwalira kuchipatala, pobereka. Akuti magazi anakana kusiya. Khanda lili moyo, lachimuna. Maliro aikidwa mawa.

Dzulo abusa aakulu anandiitanira mu ofesi. Musawaone ngati chilombo. Ndi munthu amene waika maliro ochuluka kuposa tsitsi limene latsala pamutu pake. Anandiuza kuti lamulo la mpingo ndikulidziwa: womwalira ali woimitsidwa saperekezedwa ndi m'busa, belu sililira, nyimbo za m'buku siziimbidwa. Akhristu akhoza kupita ngati anansi chabe, pakamwa potseka. Ndinawauza kuti linatsala phunziro limodzi, ndipo amene anajomba ndine, osati iye. Anati akudziwa. Anati chaka chatha anakaniza banja la mkulu wa mpingo pa nkhani yonga yomweyi, ndipo akalola lero, banja lija likamufukula wawo n'kubwera naye pakhomo pa tchalitchi.

Kenako anagogoda ndi chala pa dilowa imene muli kalata yondivomereza kuti ndidzozedwe mwezi wa mawa. Sanaisainebe. Anati m'busa amene wayamba ntchito ndi kusamvera amadikira chaka china, kapena ziwiri, kapena amakafuna ntchito ya uphunzitsi. Anandikumbutsanso kuti kanyumba kamene ndikugonamo n'ka mpingo. Nditaimirira kuti ndizipita, anavula magalasi, n'kunena akuyang'ana khoma kuti mtsikanayo anamubatiza ndi iwo, ndipo tsiku limenelo anawakodzera pa mkanjo. Sindinadziwe ngati ndiseke. Ndinangotseka chitseko pang'onopang'ono.

Lero m'mawa, dzuwa litangokwera, a Kanyundo atulukira pakhomo panga ndi chikwama chawo cha zida. Ndinadziwa kuti abwera kudzapempha, ndipo yankho ndinali nditalikonza kale, laulemu, la mavesi awiri ndi mawu akuti zili pamwamba pa ine. Koma sanapemphe kanthu. Anati kunyumba kwadzaza anthu olira, ndipo manja awo sadziwa kukhala pamaliro osagwira kanthu. Anati abwerera nsapato yokomoka ija.

Akhala pakhonde kuyambira nthawi imeneyo. Ndawapatsa mpando, akana, ati ntchito yawo ndi ya pansi. Ndawapatsa tiyi, wazizira, ntchentche yamira m'menemo. Atamaliza ya kumanja anapempha ya kumanzere. Ndinati imeneyo ili bwino. Anati nsapato zili ngati banja, sukonza mmodzi wina n'kumusiya, amayamba nsanje. Atamaliza zonse ziwiri anafunsa ngati ndili ndi zina. Ndinatulutsa zothamangira zija za ku koleji zimene sindinathamangirepo. Azisoka. Asoka patapata wosambira. Asoka lamba wa chikwama changa cha mabuku. Ndikuopa kuti akayang'anitsitsa andisoka ndi ine ndemwe.

Ine ndathawira m'nyumba, ndawauza kuti ndikulemba ulaliki. Ulalikiwo ndi kalata inoyi. Mwaona, m'busa wanu wayamba kunamiza ofedwa. Tebulo lili pawindo, ndipo pamene ndikulemba ndikumva kanyundo kawo, kho, kho, kho, kupuma pang'ono, kho.

Masana ndinatuluka kukakhala nawo, poti manyazi anandikulira. Anandiuza kuti asokera abusa asanu ndi mmodzi pa mpingo uno, ndipo m'busa amamudziwira kunsi kwa nsapato, osati paguwa. Ati ena zimatha kuchidendene, amenewo ndi oima paguwa atapendekera kumbuyo, kudzimvetsera okha. Ena zimatha kuzala, amenewo ndi ogwada. Ena zimatha ponseponse, amenewo ndi oyenda m'makomo, ndipo safika patali pa maudindo chifukwa nthawi ya misonkhano amakhala ali kwa odwala. Ndinalakwitsa kufunsa za zanga. Anazitembenuza, n'kunena kuti zanga zikudyekera m'mphepete, ngati za munthu woyenda akuyang'ana pothawira. Sananene mwachipongwe. Ananena ngati dokotala wowerenga chithunzi cha m'chifuwa.

Kenako anapisa dzanja m'chikwama, pansi pa ulusi ndi timisomali, n'kutulutsa kabuku ka kalasi ya olapa. Anati anamwino anawapatsa pamodzi ndi zovala za mwana wawo. Mtsikanayo anapita nako kuchipatala, ati ankafuna kuloweza phunziro lomaliza podikira nthawi yake. Anati kali ndi chidindo cha mpingo, ndiye akabweza, kuopa kuti anthu angadzanene kuti mwana wawo anamwalira ndi katundu wa tchalitchi. Anandipatsa ndi manja awiri. Tsamba lomaliza ndi lopindidwa pangodya.

Achemwali, inu mumandiseka kuti ndinalowa ubusa pothawa khasu. Ndinkakana, koma lero ndivomere theka lake. Ku koleji atatifunsa za maitanidwe athu, aliyense anali ndi nkhani yokoma, wina maloto, wina matenda amene anachira. Inenso ndinapeka yanga, ndipo inakhoza bwino. Zoona zake n'zakuti ndinkasirira kolala yoyera ija, ndi mmene anthu amakhalira chete m'busa akatsokomola. Zaka zinayi ndakhala ndikudikira kuti tsiku lina ndidzamve liwu lenileni, lochokera kumwamba, loti chikaiko chithe. Silinabwere. Chimene chabwera ndi kanyundo pakhonde, ndipo sikakuchoka.

Musaganize kuti ndalimba mtima. Ndakhala pano maola awiri ndikufunafuna njira yapakati. Ndinaganiza zopita ngati mnansi, nditavala malaya wamba, n'kuima kumbuyo manja m'thumba monga lamulo likulolera. Ndinaganiza zodwala mutu. Ndinaganizanso kuti abusa aakulu mwina akunena zoona, kuti mpingo wopanda mpanda suchedwa kusanduka msika, ndipo ine ndi ndani, mwana wadzulo, kuti ndizule chimene anadzala akuluakulu. Mpaka pano sindikudziwa ngati lamulolo ndi lolakwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti amene anatseka chitseko Lachinayi lapitali si lamulo.

Posachedwapa ndatulukanso. Ndinafuna kunena mawu aakulu, oyenera munthu wa masamba khumi ndi anayi, koma pakamwa panatuluka funso lokha, kuti mawa anyamuka nthawi yanji kunyumba ya chisoni. Sanadzutse mutu. Anati naini koloko. Anati njira ya kumanda ili ndi matope chifukwa cha mvula ya dzana, n'chifukwa chake kunsi kwa nsapato zanga aikako mphira wochindikala. Ndinayang'ana, anauikadi, ndipo anali atauika kale, ndisananene kanthu. Kenako anati mawa ndi Lachinayi, ndipo mwana wawo sanajombepo.

Ndiye ndipita. Nditenga Baibulo, buku la nyimbo ndi kabuku kake kaja. Ndikawerenga phunziro lomalizalo pamanda, kenako ndikayambitsa nyimbo. Mukudziwa mmene ndimaimbira, ngati chitseko chosowa mafuta. Ngati a kwaya akaope kulandira, ndikaimba ndekha mavesi onse. Ndisanapite ndikadzera ku ofesi kukawauza abusa aakulu pamaso, kuti asamvere kwa ena. Chimene akachite ndi dilowa yawo ija sindikudziwa, koma sindikuyembekeza zabwino.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite kwa amayi inuyo nokha, musatume mwana, musaimbe foni. Mukhale nawo pansi muwauze kuti za kudzozedwa mwezi wa mawa zija mwina sizichitika, chaka chino kapena china chilichonse. Ndikudziwa kuti diresi anasoketsa kale, ndipo aitana aliyense amene anawapatsapo moni chibadwire. Muyambe ndi kuwauza kuti sindinabe, ndipo sindinalakwire mwana wa munthu mwa njira imene iwo ayambe kuganizira, chifukwa mtima wawo uthamangira kumeneko. Za phunziro limene ndinajomba muwauze zoona, musandikometsere. Akalira muwasiye alire. Iwo ndi amene anagulitsa makina awo osokera kuti ine ndilowe koleji, ali ndi ufulu wolira. Diresilo alisunge pabwino, njenjete zingalidye. Ndipo ngati kachipinda ka kuseri kaja simunaikemo nkhuku, muyambe mwadikira.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti tayi yawo ndikadali nayo ndipo mawa igwira ntchito. Moni kwa ana onse, makamaka wamng'ono uja amene amandiyeseza kulalikira ataima pa ndowa. Moni kwa amalume ndi azakhali, koma nkhaniyi asaimve amayi asanaimve. Mukamapemphera mutchule khanda lija. Lilibe dzina, ndipo agogo ake sanapitebe kukaliona.

Kanyundo kasiya kulira. Ndasuzumira pawindo, alongedza zida zawo, asesa tizidutswa ta mphira ndi dzanja n'kutiika m'thumba. Tiyi wozizira uja amwa, ntchentche atayichotsa ndi singano. Sanagogode kuti atsanzike. Atuluka pachipata pang'onopang'ono, chikwama paphewa, alowera kumene kuli maliro.

Nsapato azisiya pakhomo, zopolishidwa, zitayang'ana kumsewu.

Ndine mlongo wanu,
uja mumamutcha M'busa Watheka